Njovu ya 20 Tambala ku Mirrabooka

Lachinayi, mu Julayi. Tsiku lozizira, lolemera ngati bulangete lonyowa.

Abwana andikanizanso tchuthi. Akuti osamalira okalamba tachepa, ndidikire chaka chamawa. Ndiye kuti chiliza cha amayi amanga mwezi wamawa ine kulibe, chonsecho ndine mwana woyamba. Ndinangoti "chabwino" uku ndikumwetulira, poti viza yanga yokhalira m'dziko la eni lino ili m'manja mwawo. Ndikasiya ntchitoyi, banja lonse tinyamula zikwama.

Poweruka ndinadzera kubanki ku Mirrabooka. Ndili ndi kachizolowezi kopisa dzanja m'kathireyi komwe makina owerengera makobili amalavulira ndalama zosazidziwa. Eni ake amangozisiya. Ndinatolamopo za ku Fiji, za ku New Zealand, ngakhale batani la jekete. Lero ndatola 20 tambala, ya njovu ija! Kukula kwake ndi ndendende 20 senti ya kuno, nchifukwa chake inapusitsa wina. Makina okha ndiwo sanapusitsike.

Ndinaiponyanso m'makinamo, inatuluka. Kachitatu, mayi wa kumbuyo kwanga anatsokomola, ndinachoka.

Kunyumba ndinawaonetsa amuna anga. Anaitembenuza n'kuseka.

"Sungani, amake Tadala. Mudzagulire mandasi tikadzapita kumudzi."

"Kumudzi sigulanso kanthu. Itagwa pansi, palibe angawerame."

"Nanga ndiye ndi ya kuti imeneyi?"

Amayi ankamanga zoterezi pansonga ya chitenje, mfundo yake yomasula ndi mano. Nanenso ndaimanga pa changa.

Mawa shifiti ya sikisi koloko, ndipo yunifomu sinaume n'komwe...