Siginecha ya Alamu

Lolemba, 9 Juni

Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. Pa 20 kuli mwambo wopereka mphoto kwa aphunzitsi ndi ana ochita bwino m'boma lonse. Ahedi atiwerengera kawiri, kachiwiriko atavala magalasi. Pali mphoto ya mphunzitsi wosajomba ndi wosachedwa, umboni wake buku losayina m'mawa. Kenaka nkhani yeniyeni: nyumba ya pageti ija, imene yangokhala chipumireni eni ake pantchito, ipita kwa mphunzitsi amene abwere ndi mphoto. Akuti atopa n'kunenedwa zokondera.

Zipinda zitatu, mpopi pakhomo. Kuchoka m'kalasi mwanga n'kungodumpha bwalo. Amayi ndizidzawaona pa buleki, osati kuwasiya okha tsiku lonse ndi miyendo yotupayo, ine ndili ulendo wa ola lathunthu. Zaka zisanu ndi zinayi ndimafika mlonda asanaweruke. Ndabwerera ndikuimba njira yonse.

Lachitatu, 11 Juni

Buku lapita ku ofesi atalikutira pepala latsopano. Ndisaname muno, muno ndi mwanga. M'mawa uliwonse ndimasayina kawiri, panga ndi pa alamu, amuna a mng'ono wanga, aphunzitsi a masamu m'kalasi yomaliza. Ali ndi kagalimoto konyamula anthu, ndiye amatulukira cha m'ma teni, makiyi ali ngwerengwere pachala. Adepute amajambula mzere wofiira hafu pasiti seveni, wosayina pansi pake wachedwa. Zinayamba ndi "Alamu, mawa lokha." Chaka ndi theka tsopano. Siginecha yawo ya kamchira kopindikira m'mwamba ndimaitha kuposa eni ake. Piriyodi yawo yoyamba ndimalowanso ndine, kuti ana asamangosokosa.

Lachisanu, 13 Juni

Maphunziro aima sabata yonse kuti tikonzekere kukondwerera maphunziro. Ana akuphunzira kuwomba m'manja: katatu kwa mlendo wolemekezeka, kawiri kwa akazi awo. Wina anafunsa kuti nanga akabwera okha? Wapatsidwa tsache.

Chokoma chimodzi. Mtsikana wa m'kalasi ya alamu, mwana wa atelala, wokhala pakona chifukwa cha manyazi, watsogola pa masamu m'boma lonse. Magawo anawamvera m'manja mwangamu. Ndinamukumbatira mpaka choko kumsana kwa yunifolomu.

Lachiwiri, 17 Juni

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mayina abwera. Mphunzitsi wosajomba ndi wosachedwa: alamu. Mphunzitsi wa mwana wopambana masamu: alamu, poti pa ndandanda pali dzina lawo. Ahedi anawerenga eni ake kulibe, tinawombera m'manja mpando.

Ine ndili ndi mpata umodzi m'bukumo, pa 4 Marichi, tsiku limene amayi anagwa kubafa ndikuthamanga nawo kuchipatala. Ndinawaimbira alamu kuti lero mudzionere nokha. Anabweradi, nasayina pawo, panga n'kusiya poyera. Ndawafunsa masana ano kuseri kwa sitolo ya mabuku. Akuti, "Ndinaopa alamu, kusayinira munthu n'kulakwira lamulo."

Ndalira m'chimbudzi cha aphunzitsi, cha chitseko chosatsekeka chija, phazi limodzi litatsamira chitseko.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinalemba kalata yonena zoona, masamba awiri. Powerenga ndapeza kuti wakuba m'kalatamo ndine. Iwo sanasayinirepo munthu ngakhale kamodzi. Ndayatsira mbaula.

Mng'ono wanga anabwera ndi nsalu ziwiri kuti ndimusankhire ya makatani. Akuti, "Achemwali, Mulungu satopa." Ndasankha yoipayo.

Lachisanu, 20 Juni

Mwambo. Tinafika seveni, mlendo wolemekezeka wani koloko. Akuluakulu m'tenti, aphunzitsi m'mphepete mwa tenti, ana opambana padzuwa. Olankhula asanu ndi awiri, aliyense kuyamba ndi "sinditaya nthawi," aliyense kutikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Anayi anati ana ndi atsogoleri a mawa. Atsogoleri a mawa awiri anakomoka, tinawapepeza ndi mapulogalamu.

Alamu anafika mlendo atakhala kale, anachita kuwatsekulira njira. Suti yobwereka, manja ake ofika m'zala. Mkulu wa maphunziro anakweza buku lathu m'mwamba, nati, "Taonani siginecha iyi, yosasintha chaka chonse. Dzanja la munthu wokhazikika mtima." Chaka chonse palibe amene anandiyamikirapo chotere. Ndinawomba katatu.

Alamu polankhula anati chinsinsi chawo n'kudzuka m'mamawa. Bodza ayi, anthu opita kumsika angachitire umboni.

Nthawi itatha, ana anawauza kuti onse opambana aimirire pamodzi, kenaka akhale pansi, masatifiketi atumizidwa. Mwana wa atelala anavala diresi imene bambo ake anasokera tsikuli. Dzina lake silinatchulidwe. Pobwerera anandigwira dzanja.

Kunyumba ndapeza amayi asanadye. Mbale inali patebulo, ndodo itagwera kutali.

Lolemba, 23 Juni

Alamu ndi banja lawo anasamukira m'nyumba ya pageti Loweruka. Lero makatani oipa aja ali chitsekere, kagalimoto kulibe. Ndasayina panga, cholembera ndaika pansi. Adepute rula ili m'manja, mzere osajambula. Hafu pasiti inakwana, inadutsa. Ahedi anatseka chitseko cha ofesi, nati, "Madamu, ngwazi ya boma lonse singajombe sabata yoyamba. Mwatifikitsa patali, musatisiye panjira. Ine ndinayesapo, kamchirako kamandivuta."

Kani ankadziwa! Onse, chaka ndi theka, ine ndikubisa buku ndi chigongono ngati mwana wobera mayeso. Manyazi anandigwira, kenaka mkwiyo. Ndinati dzanja likundiwawa, ndinatuluka. Poweruka mzere unali usanajambulidwebe. Anthu anayi ochedwa apulumukira pomwepo, mmodzi wandigulira nthochi.

Lachiwiri, 24 Juni

Pa alamu sindinasayinenso. Kwabwera kalata ina: mwezi wamawa aphunzitsi a masukulu ena abwera kudzaphunzira kusunga nthawi kwa alamu, adzaonanso buku. Ahedi akuyenda ngati aponda minga.

Poweruka mng'ono wanga anandidikira pageti, maso ofiira. "Achemwali, zikaululika ntchito yatha. Ana anga agona kuti?" Za kumene amayi ake akugona sanafunse. Ndamuuza, alamu ali pomwepo akupukuta galimoto. Chipinda cha kutsogolo, cha zenera loyang'ana kalasi yanga, n'cha amayi. Tsiku limene adzatuluke m'menemo, nyamakazi idzandigwira dzanja mpaka kupuma pantchito. Alamu anati chipindacho amafuna kuikamo matayala. Ndinayamba kusisita chala. Anati matayala angakhale pakhonde.

Lachinayi, 26 Juni

Amayi anasamuka dzulo, pa kagalimoto komweko, mpando wakutsogolo. M'mawa ndasayina katatu pa alamu kubweza masiku otsala, adepute akundigwirira buku kuti lisasunthe.

Pa buleki ndinadumpha bwalo. Amayi pazenera, tiyi ali m'manja, miyendo pa kampando, adzukulu atawazinga. Mtima unakhala pansi koyamba chichokereni Marichi. Nyumba si yanga. Madzulo ndiyenda ola langa lija kukatsekula chitseko chopanda wondiyankha, ndipo zikundiwawa, ndisabise.

Potuluka amayi anandikoka mkono, nandilozera satifiketi pakhoma, pamwamba pa sofa pamene alamu anali mkonono uli gwaa. Anandinong'oneza kuti ndisawadzutse: "Mwananga, uzitengerako chitsanzo kwa alamu akowa."