Nkhoswe wa Mbali Yanga

Hillbrow, Joni
16 Ogasiti 1992

Okondedwa achemwali anga a Nester,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Likoswe? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalolabe kutsikira kudimba? Ine kuno ndili bwino ndithu, kupatula kachimfine ka mwezi uno, poti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa.

Za chilala tamva. A Sabiti a ku Mpama, oyendetsa lole aja, andiuza kuti chaka chino nkhokwe zambiri zangosanduka zogonamo makoswe, ndi kuti mukudya chimanga chachikasu cholandira. Ndawapatsira shuga, sopo ndi juzi ya amayi. Kalatayinso ndapatsira iwo omwewo, sindinafune kuti idzere ku positi. Muwerenge nokha. Musampatse mwana wanu Chisoni kuti akuwerengereni, ngakhale maso atakuvutani.

Kuno zinthu sizili bata kwenikweni. M'sitima anthu akumenyana, ndiye ine ndinasiya kukwera, ndimayenda wapansi. Koma ntchito ikuyenda. Ndidakali pa shopu ya Mayi Jamila, Amwenye aja ndinakuuzani, ndipo tsopano madiresi onse a ukwati amadutsa m'manja mwanga. Akwati a kuno amafuna chiuno cha mavu pamene akudya ngati olima, ndiye ine ndimangovomera n'kusiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko.

Achemwali, nkhani imene ndalembera si yachilendo kwa inu, ngakhale sitinaikambepo ndi pakamwa. Mukukumbukira tsiku lija munandipeza kuseri kwa bafa nditavala chitenje chanu ndi duku? Ndinali ndisanamalize n'komwe pulayimale. Ndinkayembekeza khofi, kapena kuti mukandinenera kwa malemu abambo. Inu munangondiyang'ana, n'kunena kuti ngati ndavala ndivale bwino, osati kumanga ngati mtolo wa nkhuni. Munandimasula n'kundimanganso. Ndiponso ulendo womaliza uja, pa depoti ku Limbe, munandipatsa chitenje chatsopano kuti ndikapatse mkazi wanga, mukudziwa bwino lomwe kuti mkazi ndilibe. Chitenjecho ndinavala ndine mpaka chinasuluka.

Kuno palibe amene amadziwa dzina langa lakale la Timoti, kupatula a Sabiti, amene atandiona anangoti za Mulungu n'zambiri, ndipo pakamwa pawo ndi potseka. Kuntchito, kutchalitchi ndi pamsewu ndine mkazi, ndipo papita zaka. Dzina ndi Anjelina, lija munandiuza kuti amayi anasunga poganiza kuti abereka mtsikana. Sindinabe la munthu, ndinangotenga langa lomwe linkandidikira.

Chatsala ndi thupi. Kuno kuli madokotala amene amachita opaleshoni yoti thupi la munthu wonga ine ligwirizane ndi mtima wake. Si chinthu chongodzuka n'kuchita. Ndayenda kuchipatala nthawi yaitali, andifunsa mafunso mpaka a zimene ndimalota, ndakhala ndikumwa mankhwala, ndipo tsopano andivomereza. Musalire. Ndikulemba izi mtima uli m'malo, ndipo ndine wokondwa kuposa mmene munandionerapo.

Chinatsala n'kusankha dokotala wogwira mpeni. Anandipatsa maina awiri.

Woyambayo ndi bambo wotchuka, ofesi yake kapeti mpaka kuchimbudzi. Anandilandira bwino, sindinganame, ndipo anati angathe kundichita mwezi wamawa womwewu. Ndinasangalala kwambiri. Potuluka, mlembi wake anandipatsa pepala pamodzi ndi cholembera chotsegula kale, chala chake chili pamene ndisayine. Ine munthu akanditsegulira cholembera ndimayamba kukayika. Ndinati ndikawerengere kunyumba, ndipo nkhope yake inagwa.

Ku shopu tinaliwerenga ndi Mayi Jamila, amene za milandu amazidziwa poti anakokanapo ndi mwini nyumba mpaka kukhoti. Pepalalo linkati ngati opaleshoni italakwika, ine ndalonjeza kuti sindidzapita kukhoti. Mlandu udzamvedwa m'chipinda ndi munthu mmodzi, ndipo chimene iye wagamula chatha, palibe kokadandaulanso. Pansi pake, m'tizilembo tating'ono ngati nyerere, panali mawu oti woweruzayo adzasankhidwa ndi dokotalayo.

Ndinabwerera kukafunsa. Bamboyo sanakwiye. Anati odwala ake onse amasayina, ndi kuti makhoti amachedwa ndiponso amatopetsa, zomwe n'zoona. Nditafunsa za woweruzayo, anandiyankha akumwetulira: "Usade nkhawa. Ndimamudziwa bwino, ndi munthu wachilungamo kwambiri."

Achemwali, ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo pakhonde pathu.

Mukukumbukira chinkhoswe chanu ndi a Kalinde, amuna anu oyamba? Atsibweni athu anali ku migodi, ine ndinali mwana woti sindingayankhule pa akulu, ndipo abambo sakanalowerera za mbumba ya eni. Anthu anati tisachedwetse zinthu, a Fraser, atsibweni a amuna anuwo, aimire mbali zonse ziwiri, poti ndi mkulu wa mpingo ndiponso munthu wachilungamo kwambiri. Ndimawaonabe mpaka lero: tambala kudzanja lamanja, thadzi kumanzere, akudzipatsa okha nkhuku n'kudzithokoza okha. Anthu anaseka, ifenso tinaseka nawo.

Kuseka kunatha tsiku limene a Kalinde anabwera ndi anzawo kudzasasula malata pa nyumba yanu, mvula itayamba kale, malata oti ambiri munagula ndi nandolo wolima nokha. Titapita kwa ankhoswe a kuchimuna, tinapeza a Fraser. Titafuna a mbali yathu, tinapezanso a Fraser omwewo. Sanatukwane munthu, anapemphera poyamba ndi pomaliza. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Malata anapita, ndipo inu, Chisoni ali kumsana, munagona kukhitchini kwa amayi mpaka tinafolera ndi udzu. Sindikunena kuti a Fraser anali munthu woipa. Anali atsibweni a munthu wina, basi.

Pepala lija ndinalibweza losasayina. Usiku wake sindinadye, poti mwezi wamawa uja ndinali nditauika kale mumtima. Koma kutacha ndinadziwa kuti ndachita bwino.

Dokotala wachiwiri ndi mayi wachikulire, wosasekaseka, ofesi yake ya mipando yachitsulo. Sanandinyengerere. Anandiuza zonse zimene zingalakwike: kutaya magazi, bala kuvuta kupola, kuvutika potaya madzi, ngakhale kusadzuka kumene. Anandiuzanso kuti mwa anthu amene anawachita, alipo ena amene anabwerera kuti akonzenso. Apa ndi pamene ndinayamba kumukhulupirira. Telala amene amati sanaonongepo nsalu ya munthu, ndiye kuti sanasokepo.

Nayenso ali ndi pepala, nalonso likuti mlandu ukabuka tisathamangire kukhoti. Poyamba zinandinyansa, ndinati onse ndi amodzi. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti inenso sindifuna kuti za thupi langa zikakambidwe pabwalo, anyuzipepala atakhala kumbuyo ndi zolembera. Za m'nyumba zimathera kwa ankhoswe, ndipo palibe choipa pamenepo. Chachikulu n'chakuti ankhoswewo akhale a mbali ziwiri.

Kusiyana kwake kuli apa. Pepala la mayiyu likuti iye asankhe munthu wake, ine ndisankhe wanga, ndipo awiriwo agwirizane za wachitatu. Anandiuza kuti ndipite nalo kwa loya aliyense amene ndingafune. Ndinapitadi, loyayo anasintha mzere umodzi, ndipo mayiyu anavomera osatsinya nkhope. Anatinso ngakhale nditakana ndime yonseyo, opaleshoni andichitabe. Vuto lake, malo ali nawo mu Meyi chaka chamawa. Ndasankha kudikira. Ndadikira moyo wanga wonse, miyezi iyi si imene ingandithyole msana.

Pa pepalalo pali mzere umodzi umene sindinalembepo kanthu. Dokotala anaika chala pamenepo n'kundifunsa: "Zikavuta, iwe osatha kuyankhula, adzakuyankhulira ndani? Ndikufuna munthu woti asadzandiope ine." Munthu ameneyo ndi amene adzasankhe woweruza wa mbali yanga, adzamve zonse, adzafunse zonse. Ndipo zikadzafika poipitsitsa, ndi amene adzanene kumene ndikagone ndi dzina lolemba pa mtanda.

Mayi Jamila anadzipereka pomwepo, Mulungu awadalitse. Ndinawathokoza, koma ndinati ayambe adikira. Ine si mwana wamasiye, kwathu ndili ndi anthu.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Mukhale nkhoswe wanga.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti kwathu nkhoswe wamkulu amakhala mwamuna, ndi kuti atsibweni atamwalira mwini mbumba ndinatsala ndine. Udindo umenewo sindinauthawe ndipo sindidzauthawa, sukulu ya Chisoni siima. Pa chinkhoswe chanu chachiwiri, ndi alamu a Stanford, amene anaima mbali yathu ndine, ndi jekete yobwereka yofika m'mawondo. Inali kundiyabwa thupi lonse, koma thadzi ndinaligwira ndi manja awiri, ndipo malata a nyumba imeneyo akadali pomwepo. Ndinavala jekete chifukwa cha inu. Tsopano ndi nthawi yanu.

Munenanso kuti Chizungu simuchidziwa. Chimenecho chisakuopseni, kutchalitchi kwathu kuli mayi wa ku Thyolo amene adzatanthauzira. Ine ndikufuna munthu amene anaonapo nyumba yake itatsala yopanda denga, woti wina akati usade nkhawa, iye ndi pamene amatsegula maso. Pakamwa panu ndimapadziwa. Ogula nandolo a sikelo zokhota aja amati akakuonani mukubwera amayamba kukonza singano ya sikeloyo.

Mudzabwere mu Meyi mutakolola, Mulungu akatipatsa mvula. Za pasipoti ndi za ulendo ndakamba kale ndi a Sabiti, njira zake akuzidziwa. Alamu muwauze kuti ndikukalowa m'chipatala ndipo ndikufuna wondidikirira, si bodza. Za amayi ndasiya m'manja mwanu. Inu ndi amene mukudziwa tsiku limene mtima wawo ungasenze, ndi mawu oyambira.

Sindikubisirani. Mukakana, ndilowabe. Mayi Jamila asayina, ndipo sindidzakusungirani chakukhosi. Koma zidzandipweteka kwambiri, chifukwa pogona pa bedi lija ndikufuna kudziwa kuti panja pa chitseko pakhala munthu wa magazi anga, wondidziwa kuyambira kuseri kwa bafa kuja.

Musavutike n'kulemba zambiri, makalata amagwera m'manja mwa anthu. Nkhuku yamoyo singadutse pa boda ya Mwanza. Ndiye ngati mwavomera, mugwire thadzi limodzi mwa nkhuku zanu zakuda za Mikolongwe zija, muzule nthenga imodzi, muike mu envulopu, mupatsire a Sabiti akamabwerera. Ndikaiona ndidzadziwa, ndipo tsiku lomwelo ndidzakalemba dzina lanu pa mzere uja. Dokotala agwire tambala wake. Thadzi ulendo uno ligwidwe ndi dzanja la kwathu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juziyo avale, asaisunge m'sutikesi kudikira Khrisimasi. Moni kwa alamu anga a Stanford, kwa Chisoni ndi azing'ono ake onse, kwa azakhali a ku Mikolongwe ndi ana awo, ndi kwa onse a pamudzi. Ngakhale a Fraser, ngati akadali moyo, muwapatse moni, anandiphunzitsa kuwerenga pepala.

Onsewo muwauze kuti wapereka moni ndi Timoti, poti ndilo dzina limene akulidziwa. Koma kwa inu, amene munandiphunzitsa kumanga chitenje, ndikudikira nthenga.

Ndine mng'ono wanu,
Anjelina