Akufuna kugula nyimbo ya adada

Mtendere, Lusaka
14 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga a Robson,

Monile nonse kunyumba. Muli uli? Ndikhulupilila kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amama, mwendo uja unaphwa? Ine kuno ndilipo, m'thupi mulibe popweteka.

Kalatayi ndapatsila kondakitala wa basi ya ku Lundazi kuti aisiye pa shopu ya a Nason pa boma. Ndikanatha kuimba foni, koma ndayesa kawili kuiyamba nkhaniyi, n'kulephela. Komanso ndifuna kuti muwawelengele amama muli nawo pafupi, mukuwaona kumaso.

Kuno kwatentha kwambili. Malaiti amabwela maola atatu patsiku, masiku ena osabwela n'komwe. Ufa wakwela, makala nawo akwela, ndipo madzi timakagula ndi zigubu kwa amene ali ndi thanki.

Sewelo lathu la nyimbo lija, limene ndinkakunyadilani nalo kuti tidzafika nalo mpaka ku Chipata, likutha. Tinayamba mu Meyi tili anthu makumi awili ndi awili, pano tatsala asanu ndi anayi. Holo imene timachita lendi ili ndi mipando mazana awili. Loweluka lapitali munalowa anthu khumi ndi atatu, ndipo anayi mwa iwo anali abale a woimba gitala, sanalipile. Anthu sitingawaimbe mlandu. Munthu wosowa ya ufa sangatulutse K100 kuti adzaonele anzake akuvina. Kampani imene inkatithandiza inatilembela mu Ogasiti kuti chaka chino zinthu sizili bwino. Kuchokela pamenepo ndalama imene oonela amalipila pakhomo imathela ku dizilo wa jeneleta, ndipo ife malipilo tinawaona komaliza mu Julayi. Ndimadya chifukwa m'mawa ndimaluka tsitsi pa saluni ya mayi wina kumsika.

Amock, mnzathu wa ng'oma, anapita ku migodi ku Solwezi. Mtsikana amene ankasewela ngati mwana wanga anapeza ntchito m'sitolo. Tsopano ndimatuluka ngati mayi, n'kuthamangila kuseli kwa nsalu, n'kuvula duku, n'kutulukanso ngati mwana. Paja mayi ndi mwana ankakumbatilana anapachotsa, poti munthu sangadzikumbatile yekha. Loweluka lomwelo jeneleta inazima tili pakati pa nyimbo. Anali masana, koma holoyo ilibe mawindo. Tinaimbabe mpaka kumapeto, anthu aja akutiunikila ndi mafoni awo. Titatha anzanga ena analila. Ine ndinapinda zovala zanga, ndinaika m'chikwama, ndinakakwela basi. Sindinamve chisoni, sindinamve manyazi. Masiku ano ndili choncho. Ndimadzuka, ndimaluka tsitsi, ndimaimba, ndimagona.

Tsopano nkhani imene ndalembela kalatayi. Mukukumbuka nyimbo imene malemu adada anapeka chaka chimene tinaika mng'ono wanu Luke, ija ankaimba okha akamalima m'munda wa kumtsinje: "Ndabzala mzele wako, Luke, adzapalila ndani?" Mukudziwa kuti amama anandilola kuiika m'sewelo. Ndimaiimba chakumapeto, ndipo ndi imene anthu amaikonda kuposa zonse. Wina anaijambula pa foni, ikuyenda ponseponse, mpaka inafika kwa anthu a kampani ina yogulitsa mbewu ya chimanga.

Sabata yatha anabwela awili kudzaonana ndi a Mathews, amene analemba seweloli ndipo ndiwo amatitsogolela. Anati akufuna kugula nyimboyo kuti izilengeza malonda awo pa wailesi nyengo ino yobzala. Maimbidwe akhala omwewo, mawu anga omwewa, koma dzina la Luke lichoke, palowe dzina la mbewu yawo. Paja pakuti "adzapalila ndani" pakhale "ndidzakolola zochuluka". Atchula K60,000.

A Mathews akuti theka libwele kwa ife eni nyimbo, theka alipile lendi ya holo ndi dizilo, kuti tifike mu Januwale. Akuyembekeza kuti pa Khilisimasi anthu adzabwela. Mwini holo wanena kuti mwezi uno ukatha asanaone ndalama, atseka chitseko, zovala ndi ng'oma zathu zili momwemo. Musawaganizile zoipa a Mathews. Galimoto yawo anagulitsa kale chifukwa cha sewelo lomweli, ndipo sanandikakamize. Anangogwada pansi anzanga onse akuona, munthu wamkulu waimvi, n'kunena kuti, "Temwani, nyimbo ndi yanu, koma anthu awa ali ndi ana." Ndinawayankha kuti nyimbo si yanga, mwini wake ali kumanda ku Magodi, ndipo amene angamuyankhulile ali kumudzi. Ndinawadzutsa, tinapitiliza kukonzekela.

Ndikudziwa mmene kulili kwanuko. Munandiuza kuti nkhokwe inatha mu Julayi, feteleza simunagule, ndipo alamu a Irene, amene Luke anawasiya, akuvutika kuti mwana wawo Racheal apitilize sukulu. K30,000 ingatseke zambili mwa izi. Koma ndikudziwanso kuti amama wailesi yawo saizimitsa. Adzaimva m'mawa akusesa, adzaimva kuchigayo, m'maminibasi a ku Chipata, ndipo ana a m'mudzi adzaiimba pothamangitsana, ndi dzina la mbewu. A Irene nawonso adzaimva. Racheal adzakula akuidziwa ngati nyimbo ya malonda. Zonse ziwilizi ndimaziona bwinobwino, koma mtima wanga sukupendekela kulikonse. Ndayesa kupemphela, sindikudziwa chopempha.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaitane amama ndi a Irene, mukhale pansi atatu, muwawelengele kalatayi. Musawasankhile, ndipo musawauze kuti Temwani akuvutika ku Lusaka, chifukwa amama akangomva zimenezo adzavomela ngakhale zikuwapweteka. Akakana, sewelo litsekedwa, ine ndibwela mvula isanagwe tidzalimile limodzi. Akavomela, ndisaina. Yankho lindipeze lisanafike tsiku la 25. Mungotumiza mawu amodzi pa foni, inde kapena ayi, ndidzamva.

Pali china chimene ndikanatha kubisa. Lachinayi anthu a kampani aja ananditenga pa galimoto kupita ku situdiyo, akuti tingoyesa timve mmene ingamvekele, ndipo akuti mukakana adzafufuta zimene ajambulazo. Ndinapita. Ndinaimba ndi mawu awo kanayi konse. Ndinkaganiza kuti pofika pamene panali dzina la Luke ndilephela kupitiliza, koma mawu anga sananjenjemele ngakhale pang'ono. Anandiombela m'manja, anandipatsa K200 ya basi, ndinalandila ndi manja awili.

Ndili pa siteshoni kudikila basi, ndinati ndiiimbe chamumtima mmene adada ankaimbila. Dzina la mbewu ndilo linayamba kubwela pakamwa. Ndinayambanso, linabwelanso lomwelo. Kachitatu m'pamene Luke anabwela. Ndime iyinso muwawelengele amama, musaidumphe.

Mundipelekele moni kwa alamu anga akunyumba kwanu ndi ana onse, kwa a Irene ndi Racheal, kwa amalume a Hillary ndi banja lawo, ndi kwa anzanga a kwaya kutchalitchi. Amama muwauze kuti mankhwala opaka mwendo ndaika mu envulopu yomweyi, azipaka m'mawa ndi madzulo.

Yewo chomene, alongosi. Khalani makola.

Ndine mlongo wanu,
Temwani