Ampu ya Otaya Singano

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga. Chifuwa chija chinakasiya? Ine kuno ndikudzuka, ndikudya pang'onopang'ono, miyendo nayo ikundimvera. Obwera kudzapepesa achepa tsopano, ndipo mipando yobwereka ija ndinabweza.

Nyumba yakula. Sindinkadziwa kuti firiji imalira chonchi. Kale kulira kwake kunkabisala m'mluzu wa bambo ako. Mabuku nawo andikana. Ine amene ndakalambira m'laibulale, ndikatsegula tsamba ndimaona mawu onse ataima chilili ngati akufuna yankho, ndiye ndimangotseka. Chimene chikundithandiza uchiseka: nyimbo zojambulidwa za gulu lija bambo ako ankalitcha Otaya Singano.

Ukuwakumbukira? Amaimba atazolika, maso ali pa timabokosi timene amaponda kuti asinthe kalilidwe ka gitala. Bambo ako atawaona koyamba anandinong'oneza kuti mwina wina wataya singano pa siteji, tipite tikawathandize kufuna. Eni ake amati nyimbo zoterezi ndi shugezi. Pa wailesi sunawamvepo, ndipo m'holo mmene amaimba, mipando imaposa anthu. Woimba wawo ndi mtsikana uja wogulitsa ku famase. Wa gitala ndi mnyamata wamtali uja timamuti Mlongoti.

Mwina bambo ako sanakuuze mmene anadziwirana nawo, paja sankakonda nkhani imene wosekedwa ndi iwowo. Mlongoti anabweretsa ku shopu kwawo ampu yake, bokosi lija lokuzira mawu a gitala, itangothima. Bambo ako anaidzutsa. Koma atamva kuti ikusasa ndi kung'ung'udza, anati ntchito yosatha siituluka pakhomo pawo. Anasintha izi, nawotcherera izo, mpaka ampu inalira mwaukhondo ngati belu.

Mlongoti atabwera anakhwatcha gitala kamodzi, n'kukhala pansi ngati wamva uthenga woipa. Anafunsa mwaulemu kuti, bambo, nyimbo zathu mwaziika kuti? Bambo ako anakwiya, nati chiyambire ntchitoyi sanaonepo wodwala wodandaula kuti wachira. Komabe mawa lake anatulutsa m'bini tizitsulo takale tija, n'kuyamba kubwezera matendawo limodzilimodzi, mnyamatayo akumvetsera ndi kugwedeza mutu. Kuyambira pamenepo sanaphonyepo kuimba kwawo. Ankati kukonza aliyense angathe, koma kuwononga mwa muyezo kumafuna khutu.

Ine kale ndinkangowaperekeza, ndikumva phokoso chabe. Lero ndi pamene ndawamva. Magitala awo amasanjikizana ngati mabulangeti pa munthu wozizidwa. Mawu a mtsikanayo amamvekera pansi pake, ngati wina akulankhula m'chipinda china, chitseko chili chotseka. Mawuwo suwagwira, koma umadziwa kuti m'nyumba muli munthu. Ndinamufunsa ku famase kuti kodi mumati chiyani m'nyimbo zanuzi. Anaseka, nati mayi, nthawi zina nanenso ndimaiwala.

Masiku ano aliyense akundiuza mawu omveka bwino. Limbani mtima. Apumula. Ndi abwino onsewo, koma amalemera. Nyimbo za anawa sizindilangiza kanthu, zimangokhala nane pamene ndikuyanika zovala kapena kusita. Ndimawasirira kwambiri. Zaka zonsezi akuimbira mipando, koma sanayesepo kuwongola nyimbo zawo kuti akondweretse anthu. Ndipo nyimbo iliyonse isanayambe pamamveka kakung'ung'udza kotsika. Kameneko ndi dzanja la bambo ako. Ndimakazindikira monga ndinkazindikirira mapazi awo pakhonde.

Tsopano nkhani imene ndakulembera ndi iyi. Ampu ija inathimanso bambo ako atatsala pang'ono kudwala. Anaitsegula, koma sanaitseke. Ili pa tebulo lawo, matumbo ali pamtunda.

Dzulo Mlongoti anabwera. Anaima pakhomo akupotokola chipewa, n'kumandifunsa za denga, za mpopi, za chilichonse kupatula chimene anadzera. Nditamupanikiza anaulula kuti abwereka ampu ina, koma akaimba akumveka ngati anthu ovala masuti a eni. Ndinamuuza kuti atenge yakeyo apite nayo kwa amisiri ena. Anakana. Akuti anayesapo kale, ndipo onse amaichiritsa. Wa ng'oma wawo wanena kale kuti ampuyo ikafa, basi gulu lithe, aliyense azikaona za kwawo. Kenaka Mlongoti anayang'ana pansi, monga mwa chizolowezi chawo, nati amene akanatha kumva matenda a bokosilo anali anthu awiri okha, ndipo mmodzi alipo.

Akunena iwe, mwana wanga. Unagwira ntchito pa tebulo lomwelo ndi bambo ako usanapite kutaliko, khutu lawo unatengera ndiwe.

Ndinakuona masiku a maliro aja. Chitseko cha shopu unkachilambalala, ngakhale pofuna kupita kuseri unkazungulira nyumba yonse. Sindikukudzudzula, nane ndinatenga nthawi ndisanagwire chigwiriro chake. Koma ndalowamo, ndipo mulibe choopsa. Muli fungo la waya wopserera, magalasi a bambo ako ali pa sipika, ndi timasikuluwu tili m'chivindikiro cha botolo, mmene anatisiyira. Sindinasesemo. Ndikuopa kusuntha kanthu kamene iwe ungawerengepo pamene anaimira.

Ukapeza tchuthi, bwera. Mtsikana wa ku famase akuti usathamange, iwo kudikira anthu anazolowera. Koma ine ndikuti usachedwe. Ndili ndi nyimbo zawo zakale zokha, ndipo ndikufuna ndidzakhale m'holo muja, pakati pa mipando yopanda anthu, ndidzamve kakung'ung'udza kaja kakuyambanso.

Bwera udzaiwononge bwinobwino, monga anakuphunzitsira.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti juzi anandisiyira ija ikundifunditsa. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pachipumi. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetse bwino pa ntchito yako ndi panjira yobwera kuno.

Ndine amene ndikusunga kiyi wa shopu,
Mayi ako