Sitolo Yanu Inasanduka Chipatala

Chezi,
Dowa.
17 Febuluwale, 1974.

Okondedwa achimwene a Enoki,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko ndipo ntchito ya mumgodi ikuyenda. Kalata yanu ya Khirisimasi ndinalandira, koma ndachedwa kuyankha chifukwa munafunsa za sitolo yanu, ndipo yankho lake silinali lapafupi.

Matenda a kolera anafika kuno mvula itangoyamba. Msika anautseka, pamsewu wa ku Salima anaikapo chipata. Lole ya ku holoselo ija inkatitulira katundu pakhomo inasiya kubwera. Akuti dalaivala wake anadwala, anzake n'kuyamba kuopa njira yathu. Choyamba kutha chinali sopo, poti azaumoyo ankalalikira zosamba m'manja. Ndinkamudula tizidutswa ngati zala kuti aliyense apezeko. Kenaka unatha mchere, shuga, parafini. Machesi ndinkachita kutsegula bokosi n'kumagawa timitengo, anthu apeze poyatsira moto wowiritsira madzi. Pofika Januwale m'mashelefu munatsala mabatani, polishi wa nsapato ndi zipewa zija munaoda ku Lilongwe, zomwe mpaka lero palibe wazifunsapo mtengo.

Tsiku lina kunabwera a Sabiti a sitolo yoyang'anana nafe, omwe aja simunkapatsana nawo moni chifukwa cholimbirana ogula. Anaima pakhomo nati, "Mayi, tikudaniranji pomwe tonse tikulondera mashelefu opanda kanthu? Ngolo ndili nayo, ng'ombe zili kwanu. Timange." Tinamangadi. Anapita ku Boma la Dowa m'matope onse aja, n'kubwerako ndi mchere ndi makatoni a sopo, tinagawana pakati.

Tsopano ndifike povuta. Odwala atachuluka, galimoto ya chipatala sinkathanso kuwanyamula onse. Kunabwera wothandiza adokotala, dzina lake a Benjamini, ndipo anandipeza n'kunena kuti, "Ndikufuna nyumba yosadontha, ya simenti pansi, yoti tizitsuka ndi mankhwala. Pamalo pano ilipo yanu yokha."

Ndinavomera, achimwene, osakufunsani. Katundu wotsalayo tinasamutsira kwa a Sabiti, n'kumagulitsira limodzi pawindo. Panja tinaika beseni la madzi a mankhwala, munthu ayambe wasamba m'manja asanalandire chinthu. Mashelefu anu a mlombwa, aja munapala nokha, anawazula n'kukhoma mabedi oboola pakati. Matabwa ena anapangira mabokosi a maliro. Odwala ambiri anatuluka m'sitolomo akuyenda okha, koma si onse. A Safiya, akazi a a Sabiti, anamwalirira momwemo. Anawaika tsiku lomwelo, popanda anthu osonkhana, ndipo m'mawa mwake a Sabiti anatsegula windo monga mwa masiku onse. Nditawauza kuti akapume anangoti, "Anthu akufuna sopo."

Pano matendawa akuchepa, lole yayambanso kubwera. Sitolo tinaitsuka, tinapaka laimu, koma anthu akuopa kulowamo. Amaima pakhomo n'kumaloza ndi chala. Mayi wina anandiuza pamaso kuti shuga wa m'nyumba ya maliro sangamwere tiyi. Choncho tikugulitsirabe kwa a Sabiti. Iwo akuti tingophatikiza malonda mpaka kalekale, poti dzanja lowathandiza alibenso. Ndawayankha kuti mwini wake alipo. Chonde mundiyankhe msanga, ndipo ngati mukwiye, mukwiyire ine, osati iwo. Pobwera mudzatenge sowo ndi misomali.

Amayi akupereka moni. Miyendo ikuwavutabe koma kumunda sakulola kutsala. A Elia a kutchalitchi akupereka moni, akuti ndikuuzeni kuti anachirira pakona pomwe munkaunjika matumba a mchere. A Sabiti nawonso akuti moni.

Roza wanu, amene munandisiyira, akupereka moni. Izi ndaziika kumapeto chifukwa dzanja limakana kulemba. Tsiku lomwe a Benjamini ankapempha nyumba, mwana wanu ndinali nditamubereka kumsana, maso atalowa m'kati, kulira komwe osathanso. Ndiye anali woyamba kugona m'sitolomo, pakauntala, botolo la diripi litapachikidwa pambedza ya sikelo. Wachira, achimwene. Akudya bwino, dzulo amathamangitsa nkhuku pabwalo. Kulemba sanadziwe, ndiye ndaika dzanja lake kuseri kwa pepalali n'kulizunguliza ndi pensulo. Musadandaule ndi kuwonda kwa zalazo. Zikubwerera.

Ndine mlongo wanu,
Iness.