Felistas Asabwere Kuno

Hyattsville, Maryland
14 Okutobala 1985

Okondedwa achimwene a Saulosi,

Kalata yanu ndailandira, yotsegula kale monga mwa masiku onse. Mwati mwana wanu Felistas mwamupezera banja lina kuno loti azidzaligwirira ntchito za m'nyumba ngati ine. Achimwene, musafulumire. Tandimverani kaye.

Pamdadada wathu uno pali nkhalamba ina, bambo Onuru, a mtundu wa Abeja a ku Sudan. Kwawo amayenda ndi ngamila ndi mbuzi kutsata msipu. Chilala chitawaphera ziweto zonse, mwana wawo wophunzira pa yunivesite ya ku College Park anawatengera kuno. Tsiku lonse amangozungulira m'khonde ngati mbuzi ya pachingwe. Timakumana kochapira zovala, Chingerezi chawo chothyokathyoka, changa chimodzimodzi, koma timamvana.

Moni wawo ndiye satha msanga, ndikuuzeni! Mvula yagwa kwanu? Ziweto zikukhuta? M'zitsime muli madzi? Ine ndinkangoti zonse zili bwino. Lachiwiri lapitali nditawauza za Felistas, anandiyang'ana manja anga osupukawa n'kunena kuti, "Mwanawe, kwathu wapaulendo sanama za madzi. Ukati chitsime n'chodzaza pomwe chinauma, mnzako amakusa ziweto zake masiku anayi n'kukafera pomwepo."

Ndinalira pamaso pawo, manyazi onse kutha.

Achimwene, zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikukunamizani. Diresi lija la pachithunzi chimene ndinakutumizirani ndi la akazi a abwana anga, a Goodwin, ndipo anandivula titangojambulitsa. Pasipoti yanga anaitsekera m'kabati tsiku lomwe ndinafika. Kutchalitchi sindipita, foni sindiikhudza. Ndimagona pansi m'chipinda cha ana. Makalata anga amayamba awerenga iwo, n'chifukwa chake ankakoma chonchija. Washington amene mumanyadira kumudziyo ine ndimamuonera pawindo. Kalata ino akandiponyera ndi bambo Onuru. Poyankha mulembe keyala yawo ili kuseriyi.

Za ine kaya, potulukira sindikupaona, ndipo ndatopa. Koma Felistas yekha ayi, chonde. Ngati mwagula kale sutikesi, aikemo mabuku abwerere kusukulu. Mundikwiyire ngati mufuna.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndili moyo, zinazo musankhe nokha zimene mtima wawo ungapirire. Koma Felistas mumuwerengere yonse, osadumpha mzere.

Ndine mlongo wanu,
Edness