Batire la Sola Ndatenga Ndine

Mai Chenai,

Musakuwe kuti kwabwera akuba, batire la sola ndatenga ndine. Chilole chathu cha asilikali chija chinazima dzulo ku Musana chitadzaza matimati a alimi. Paja chimalira ndi mabatire awiri, ndiye limodzi lafa. Ndinagona pansi pa chilolecho. Ndabwera ndi kombi, minibasi yoyamba ija, ndapeza mwapita kale kumapemphero.

Matimati akawola ndi dzuwa la lero, alimiwo sadzandipatsanso katundu. Pepani, foni kachajeni kwa aneba athu Mai Kuda, madzulo muyatse kandulo.

Ndikudziwa munenanso kuti ndichigulitse kwa ogula zitsulo zakale. Ayi mayi, chinapirira asilikali chimenechi, matimati ndiye achigonjetse? Chifika kumsika lero, ngakhale ndichikankhe ndekha.

Ndanyamuka.

Petulo